MPHUNO YA BWATO NDI PHIKO LA GALIMOTO

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira madzi ace m'Zambezi pali mudzi wa Boma umene akuluakulu auchulabe Feira, ngakhale kuti pa mapu a masiku ano dzina lace ndi Luangwa. Munthu akaima pa gombe pamenepo aona maiko atatu. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Anthu a kumeneko, a kwa Mfumu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka, adziwa kuyambira kale kuti mabwato awiri osemedwa ndi mtengo wa mtundu umodzi sayenda mofanana. Lina limvera nkhafi msanga, lina likanika, ndipo lina lipita kumene mwini wace safuna. Nkhani ino ndi ya m'mene anthu anaphunzirira cifukwa cace, poyamba pa madzi, pambuyo pace pa mseu, kufikira pa timagalimoto ta mpikisano toyendetsedwa ndi wailesi.

MABWATO A MSIKA WA FEIRA

Dzina lakuti Feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Ca m'ma 1720 amalonda ocokera ku Tete, ena a iwo Amwenye a ku Goa, anamanga mudzi wa Zumbo, ndipo msika unafalikira mbali zonse ziwiri za Luangwa. Anali kugula golidi, minyanga ya njobvu ndi akapolo, nalipira nsaru ndi mikanda. Katundu wolemera wotere anafunika njira ya pamadzi. Koma pakati pa Tete ndi Zumbo panali cigwa ca Kebrabasa, pamene Zambezi anapanikizika pakati pa matanthwe nathamanga mwaukali. Pamenepo amtengatenga anasenza katundu pamutu kufikira ku Chicoa, ndipo kuyambira apo mabwato anakwera naye mtsinje kufikira ku Zumbo. Ambiri a opalasawo anali Acikunda, ndipo mbiri ya luso lao inamveka m'Zambezi monse.

Mmisiri wosema bwato analibe buku la masamu, koma anadziwa kuti ciri conse cimene bwato lipindula pa mbali yina licitaya pa mbali yinzace. Bwato lalitali ndi lopapatiza lithamanga, ndipo lisunga njira yace molunjika, koma licedwa kukhota, ndipo lipendekeka msanga. Bwato lalifupi ndi lotakata likhota mosabvuta ndipo likhazikika, koma litopetsa mikono. La pansi posalala liyandama ngakhale madzi afike m'maondo okha, koma mphepo ikaomba m'nthiti mwace litsetsereka cam'mbali. Cotero mmisiri asanagwire nkhwangwa ndi nsompho anayenera kudziwa madzi amene bwatolo lidzayendamo ndi katundu amene lidzanyamula.

Nzeru yina inali ya kalongedwe. Katundu akacuruka kutsogolo, mphuno ya bwato imira, iluma madzi, ndipo mbuyo mwace mupepuka. Pamenepo bwato litembenuka mwadzidzidzi, mbuyo nkufuna kupitirira mphuno. Katundu akacuruka kumbuyo, mphuno idzuka, mphepo niikankhira kumene ifuna, ndipo wopalasa alimbana nalo bwato koma losakhota. Bwato lomvera ndi limene kulemera kwace kwagawidwa bwino pakati pa mphuno ndi mbuyo. Womvera asunge mau amenewa, pakuti nkhani yonse ya magalimoto a mpikisano ibwerera pomwepa.

SITIMA ZIWIRI ZIMENE SIZINAONE FEIRA

Mu January 1856 David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa, ali pa ulendo wace wocokera kumadzulo kunka kunyanja ya kum'mawa. Anapeza mabwinja okha, makoma a chalichi ndi belu losweka, pakuti amalonda anali atathawako zaka 20 zapitazo. Anaoloka Luangwa ndi anthu ace m'bwato limodzi lobwereka. Atapitirira anaolokanso Zambezi nadzera njira ya kumtunda, motero Kebrabasa sanamuone ndi maso. Anafika ku Mangalande ali kukhulupirira kuti sitima ingathe kukwera Zambezi kufikira m'kati mwa dziko.

Mu 1858 anabweranso ndi sitima yamoto yochedwa Ma-Robert, yomangidwa ku Birkenhead, ya mapazi 75 m'litali. Injini yace inali yofooka ndi yadyera pa nkhuni, ndipo zitsulo za thupi lace zinali zopyapyala, zinacita dzimbiri nizibooka. Mabwato ang'onoang'ono a eni dziko anali kuipitirira pa mtsinje. Mu November 1858 inafika pa khomo la Kebrabasa, nilephera. Pamenepo Livingstone anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo Ma-Robert inamira pa mcenga mu December 1860. Sitima yaciwiri, Pioneer, inafika mu 1861. Iyo inali yolimba ndi yamphamvu, koma thupi lace linalowa m'madzi mapazi 5, ndipo pa Shire inali kutsakamira pa mcenga kawirikawiri, nthawi yina kupitirira mwezi wathunthu pa malo amodzi. Mphamvu inalipo, koma thupi silinayenerane ndi mtsinje.

Bwato nalonso linali ndi malire ace. Mu November 1860 Livingstone ndi anzace, pobwerera kucokera kwa Amakololo, anatsika ndi mabwato, napitirira Zumbo, nalowa m'Kebrabasa. Bwato la Dr John Kirk linagunda thanthwe nkugubuduzika. Iye anapulumuka, koma zolemba zace ndi zithunzi za zomera zimene anajambula zinapita ndi madzi.

MPWEYA NDI MBALE WA MADZI

Anthu ambiri ayesa mpweya ngati cinthu cacabe cifukwa suoneka. Koma mpweya uyenda, ukankha ndi kukoka monga madzi, kungoti ndi wopepuka kwambiri. Munthu woyenda pansi saumva. Wopalasa njinga potsetsereka ayamba kuumva pa cifuwa. Lamulo lace ndi ili: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mpweya iwirikiza kanai, ndipo likawirikiza katatu, mphamvuyo iwirikiza ka 9. Cifukwa cace galimoto yothamanga kwambiri iri ngati bwato lokwera mtsinje wosefukira.

Oyamba kupanga magalimoto a liwiro anaganiza cinthu cimodzi cokha, ndico kupyoza mpweya. Pa 29 April 1899, ku Achères pafupi ndi Paris, Camille Jenatzy wa ku Belgium anayendetsa galimoto ya magetsi yosongoka kutsogolo ndi kumbuyo ngati cipolopolo, nakhala munthu woyamba kupitirira makilomita 100 pa ora m'galimoto. Mu 1921 Edmund Rumpler anaonetsa ku Berlin galimoto yooneka ngati dontho la madzi. Anthu sanaikonde, ndipo inagulidwa pang'ono, koma pamene akatswiri a Volkswagen anaiyesa mu 1979 anapeza kuti inali kupyoza mpweya bwino koposa magalimoto ambiri a caka cimeneco. Paul Jaray, amene anagwira nchito yopanga zombo za mumlengalenga za Zeppelin, anatengera nzeru yomweyo pa magalimoto, ndipo m'zaka za m'ma 1930 matupi osalala ndi obulungira anacuruka ku Jeremani.

Koma m'matupi okongolawo munabisala ngozi. Mpweya woyenda pamwamba pa cinthu cokhota ucikokera kumwamba, monga momwe cimphepo cisasulira denga la malata. Ndege iuluka ndi mphamvu imeneyo. Galimoto ya msana wobulungira ndi mimba yosalala ifanana ndi phiko, ndipo liwiro likakula iyamba kupepuka. Magudumu akapepuka saluma mseu, ndipo ciongolero cikhala ngati nkhafi yopalasa m'mwamba.

Pa 28 January 1938, pa mseu waukuru wa pakati pa Frankfurt ndi Darmstadt, Rudolf Caracciola anathamangitsa Mercedes-Benz makilomita 432 pa ora. M'mawa womwewo Bernd Rosemeyer, mnyamata wa zaka 28, anakwera Auto Union kuti ampitirire. Mphepo inali itayamba kuomba. Galimoto yace inacoka pa mseu iri pa liwiro loopsa, nigubuduzika, ndipo iye anafera pomwepo. Ambiri akhulupirira kuti mphepo ya cam'mbali ndiyo inaikankha. Tsiku limenelo linaonetsa kuti thupi lopyoza mpweya bwino lingathe kukhala thupi losamvera mwini wace.

PHIKO LOZONDOKA

Mankhwala a bvutoli anali kutenga phiko la ndege ndi kulizondotsa, kuti mpweya upanikizire galimoto pansi m'malo moinyamula. Fritz von Opel anayesa timapiko totere pa galimoto yace ya maroketi mu 1928. Mu 1956 Michael May wa ku Switzerland anaika phiko pamwamba pa Porsche yace ku Nürburgring, ndipo anathamanga bwino kotero kuti ena anadandaula, phikolo niliretsedwa. Amene analimbikira ndiye Jim Hall wa ku Texas, amene mu 1966 anaturutsa Chaparral 2E ya phiko lalikuru loimikidwa pa mizati iwiri kumbuyo. Phiko licepetsa liwiro pa mseu wolunjika, pakuti likokana ndi mpweya, koma pokhota galimoto imamatira pansi. Popeza mpikisano uli ndi pokhota pambiri, zimene zitayika polunjika zibwezedwa ndi phindu.

Mu 1968 mapiko analowa m'mipikisano ya Formula One, ndipo amisiri anapeza msanga cimene wosema bwato anadziwa kale. Phiko la kumbuyo lokha lipanikiza mbuyo ndi kupeputsa mphuno, ndipo galimoto ikana kukhota, ingopita cokwawa kunja kwa mseu. Mphamvu ikacuruka kutsogolo, mphuno iluma kwambiri, mbuyo nimutsetsereka, galimoto nizungulira. Cotero anaika timapiko tina pamphuno kuti mbali ziwirizo zilingane. Anakwezanso mapiko pa mizati yaitali ndi yoonda kuti apeze mpweya wosabvunduka. Mu May 1969 ku Barcelona mapiko a magalimoto awiri a Lotus anathyoka pa malo amodzimodzi, Graham Hill ndi Jochen Rindt nagunda mpanda wa citsulo. Onse awiri anapulumuka, koma mapiko aatali otere analetsedwa mwezi womwewo.

Colin Chapman, mwini wa Lotus, ndi mmisiri wace Peter Wright anasamutsira nzeruyo pansi pa galimoto. Anaumba mimba ya nthiti zace ngati phiko lozondoka, nachinga m'mbali kuti mpweya usalowerere, ndipo galimoto inayamwa mseu. Lotus 78 inaturuka mu 1977, ndipo mu 1978 Mario Andretti anapambana ukatswiri wa dziko lonse ndi Lotus 79. Koma mphamvu yoyamwayo inali kutha mwadzidzidzi galimoto ikadumpha pa kamtunda, ndipo mu 1983 lamulo linalamula kuti mimba za magalimotowo zikhale zosalala.

Ngakhale pambuyo pa zonsezi, mpweya unapezabe njira. Ku Le Mans mu 1999 galimoto ya Mercedes-Benz CLR yoyendetsedwa ndi Mark Webber inadzutsa mphuno niuluka cagada, kawiri konse, mpikisano usanayambe. Eni ace anakonzako pang'ono nalowabe mumpikisano, ndipo inzace, yoyendetsedwa ndi Peter Dumbreck, inauluka momwemo nigwera kuchire. Palibe anamwalira, koma akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.

TIMAGALIMOTO TA WAILESI

Ana a ku Feira, monga ana a m'midzi yonse ya kuno, apanga magalimoto a waya, nawayendetsa ndi ciongolero cacitali. Iwo ayenda pa liwiro la miyendo ya mwana, ndipo mpweya suwakhudza. Koma kumaiko ena kuli timagalimoto ta msinkhu womwewo tokhala ndi injini kapena batire, timene munthu atiyendetsa ataima patali, ali ndi kabokosi kotumiza mau a wailesi kwa ciongolero ndi kwa injini. Kampani ya El-Gi ya ku Reggio Emilia, m'dziko la Italy, inaturutsa kagalimoto kotere kofanizira Ferrari mu 1966. Ku Amereka bungwe la mipikisano yace, ROAR, linakhazikitsidwa mu 1967, la ku Ulaya, EFRA, mu 1973, ndipo la dziko lonse, IFMAR, mu 1979. Kampani ya Tamiya ya ku Japan inayamba kugulitsa tace mu 1976, ndipo masewerawa anafalikira kwambiri.

Munthu angayese kuti kanthu kocepa cotere sikasamala za mpweya, koma zoona zace ndi zosiyana. Kagalimoto ka mpikisano kocepetsedwa ka 8 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni kali ngati theka la mita m'litali, kalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, ndipo polunjika kapitirira makilomita 100 pa ora, liwiro lija Jenatzy anachuka nalo. Mphamvu yocepa ya mpweya, imene lole singaimve konse, ikwanira kukapanikiza pansi kapena kukanyamula. Mu 2014 Nic Case wa ku Amereka anathamangitsa kagalimoto kace, koonda ngati mubvi, makilomita 325 pa ora.

Thupi la kagalimoto kotere ndi cigoba ca pulasitiki yopyapyala, coumbidwa pa cikombole ndi kutentha. Sicinyamula injini kapena magudumu, cingobvekedwa pamwamba ndi kumangidwa ndi timapini. Komabe munthu akabvula cigoba cimodzi nabveka cina, osakhudza kanthu kena, kagalimoto kasintha mayendedwe. Oyamba anakonda zigoba zofanana ndi magalimoto enieni. Pambuyo pace anaona kuti zopambana ndi zija za mphuno yotsika ndi msana wokwera pang'onopang'ono, ngati mutu wa nkhwangwa, zokhala ndi mlomo wopindikira kumwamba kumbuyo. Mpweya ukwera pa msanawo nupanikiza kagalimoto pansi. Zigoba zinayamba kutaya maonekedwe a galimoto, kufikira mabungwe a mipikisano anaika malamulo a msinkhu wa cigoba ndi ukuru wa phiko, nalemba mndandanda wa zigoba zololedwa.

Nchito ya woyendetsa ndi kugawa mphamvu ya mpweya pakati pa mphuno ndi mbuyo. Cigoba cimene galasi lace la kutsogolo laimirira ndi kuyandikira mphuno cipanikiza magudumu a kutsogolo, ndipo kagalimoto kakhota mwaukali. Ca galasi logona ndi losendera kumbuyo cipatsa mayendedwe ofatsa. Phiko lalikuru likhazikitsa mbuyo, koma licepetsa liwiro ndi kuumitsa kakhotedwe. Akatswiri aboola mabowo a timapini mamilimita owerengeka kutsogolo kapena kumbuyo, monga momwe wopalasa asendezera thumba la cimanga m'bwato. Adulanso cigoba kumbuyo kuti mpweya wolowa m'kati upeze poturukira. Ndipo mphuno ikadzuka pa kamtunda, mpweya nulowa pansi, kagalimoto kauluka cagada monga Mercedes ija ya ku Le Mans. Pokhota pang'onopang'ono, pamene liwiro liri locepa, mpweya uthandiza pang'ono, ndipo pamenepo matayala ndi masipuling'i ndiwo alamulira.

Pali kusiyana kumodzi kwakukuru. Wopalasa bwato amva ndi mapazi ace pamene bwato liyamba kupendekeka, ndipo wokhala m'galimoto amva ndi msana wace pamene mbuyo muyamba kutsetsereka. Woyendetsa ndi wailesi aima pa nsanja, alibe cina koma maso, ndipo poona colakwa nthawi yocikonza yatsala pang'ono kutha. Cifukwa ca ici ambiri asankha cigoba cofatsa, ngakhale cicedweko pang'ono, pakuti kagalimoto kamene kazungulira kamodzi kokha kataya nthawi yoposa imene kakadapindula ndi liwiro.

PA GOMBE LA LERO

Mtsinje umene Acikunda anaudziwa wasintha. Khoma la Kariba linamangidwa kumtunda mu 1959, ndipo la Cahora Bassa, lotsirizidwa mu 1974, linamiza matanthwe amene anagonjetsa Livingstone. Madzi a nyanja yatsopanoyo abwerera kufikira pafupi ndi Zumbo, ndipo pamene pali madzi otambalala pali mafunde, amene bwato la m'mphepete motsika silinasemedwere. Pakati pa Luangwa, Zumbo ndi Kanyemba payenda tsopano mabwato a injini pamodzi ndi osema, onyamula nsomba, ufa ndi anthu.

Injini yolemera imangidwa kumbuyo, ndipo ikapatsidwa moto mphuno ya bwato idzuka. Pamenepo mphepo ndi mafunde zipeza pogwira, ndipo woyendetsa saonanso bwino cimene ciri patsogolo, kaya ndi mcenga, kaya ndi mvuu. Cifukwa cace woyendetsa wodziwa nchito yace, asanacoke pa gombe, ayang'ana m'mene bwato lakhalira pa madzi, nauza ena kuti asendere kutsogolo, ena akhale pakati. Wapaulendo amene auzidwa cotero asaone ngati cipongwe. Mau amenewo ndi omwe aja anasunga minyanga ndi miyoyo pa ulendo wa ku Chicoa, ndipo amisiri a ku Ulaya ndi ku Amereka anafika pa nzeru yomweyo atataya magalimoto ambiri ndi anthu ena.